Chaka Chomaliza cha Bulu

Colorado, 2 Disembala 2003

Okondedwa Amayi,

Choyamba ndifunse za moyo wanu ndi wa m'bale wanga Maribel amene akukuwerengerani kalatayi. Maondo aja akukupwetekanibe? Ine ndi Bambo tili bwino. Tinayenda bwino, kungoti mapazi anga anatupa masiku awiri chifukwa chokhalitsa m'basi.

Ndaganiza zolemba chifukwa pafoni sindikwanitsa. Bambo amaima pafupi, khadi limatha msanga, ndipo mukudziwa mmene pakamwa panga pamaumira. Kalatayi ndailemba kawiri, yoyamba inali ndi zofufuta zambiri. Maribel, usaseke zolakwa zanga, iwe unapitiriza sukulu, ine ayi.

Ndikukhala m'nyumba ya kampani. Chipinda ndikugona ndi Araceli wa ku Durango, amene chino ndi chaka chake chachitatu kuno. Amayankhula ngakhale mswachi uli m'kamwa. Bambo ali kunyumba ya amuna, kuseri kwa galaja.

Ntchito andiika pa Nambala 4, lifiti ya mipando yokweza alendo paphiri kuti akatsetsereke pa sinowo, yomwe ija Bambo akhala akuisamalira zaka khumi ndi zitatu, imene ili pachithunzi cha pakhoma. Aliyense kuno amaitcha Bulu, ngakhale azungu, chifukwa imakwera phiri mozengereza koma imamenya theche. Mipando yake ndi yomangirira kuchingwe, ikafika pansi siichepetsa liwiro. Ndiye ntchito yanga ndi kugwira mpando kumbuyo ukamazungulira, kuukoka pang'ono kuti usamenye mlendo kuseri kwa maondo, akakhala n'kuusiya. Pamenepo wina wafika kale. Tsiku lina ndinayesa kuiwerenga, ndinasokonezeka nthawi ya nkhomaliro isanakwane.

Bambo kuno ndi munthu wina, Amayi. M'mawa amakwera mizati yonyamula chingwe, amaika ndodo pagudumu mbali ina kukhutu, n'kudziwa gudumu limene likufuna girisi. Kapitawo wathu a Dwayne akafuna kudziwa za Bulu satsegula buku, amangoitana Bambo.

Zinthu n'zodula. Magolovesi okha madola makumi awiri ndi asanu, koma popanda iwo zala zimafa. Khofi akapsa musakwere nokha kumunda wakumtunda, muitane ana a a Filemón, malipiro awo ndidzatumiza ndine.

Araceli anandiuza kuti ndisamukonde kwambiri Buluyo, ndi wa chaka chino chokha. Nditafunsa Bambo anati zimenezo amanena chaka chilichonse.

Ndine mwana wanu,
Herlinda

23 Disembala 2003

Okondedwa Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi Maribel. Kalata yanu inafika, ndaiwerenga kanayi. Ife tilipo. Alendo achuluka chifukwa cha Khirisimasi, tsiku lenilenilo tidzagwira ntchito. Atsikana agwirizana kuti tiphike matamale, chakudya chathu chija cha ufa wa chimanga, lero popeza ndi tsiku lathu lopuma, koma masamba okulungira a kuno ndi ouma ngati pepala.

Pali nkhani imene Bambo anandiletsa kukuuzani. Ndaganiza masiku anayi, ndaona kuti si bwino mukhale osadziwa.

Sabata yatha a Dwayne anatisonkhanitsa m'galaja, Araceli akutimasulira. Anati Bulu achotsedwa mu Epulo. Malifiti onse paphiri pano ndi a kampani imodzi ya ku Ulaya, kupatula iyeyu. Kampani imene inamupanga inatsekedwa ine ndisanabadwe, moti chitsulo chikathyoka Bambo amapita nacho kwa wowotcherera m'tauni. Eni phiri akufuna zonse zikhale za kampani imodzi, masipeyala pashelefu imodzi, amakaniko ophunzira kamodzi, chikavuta foni imodzi. Akuti mapiri oyandikana nafe anachita kale chimodzimodzi.

Vuto lili apa. Malifiti a kampaniyo sakhudzidwa ndi munthu wopanda setifiketi yawo. Mayeso ake adzakhala kumapeto kwa Febuluwale, m'Chingerezi. Makaniko amene sakhoza, dzina lake silidzalowa pamndandanda wa oitanidwa chaka chamawa, ndipo mukudziwa kuti popanda mndandandawo palibe chitupa chobwerera kuno. Anzawo atatu a Bambo ali nayo kale setifiketiyo. Bambo sanaivutikire, chifukwa iwo ntchito yawo inali Bulu basi.

Potuluka Bambo anandigwira paphewa nati, "Amayi ako usawauze. Chingerezi cha mabawuti ndimachidziwa, chinanso n'chiyani?"

Choncho pafoni musafunse. Akayamba okha, mumve ngati nkhani yatsopano.

Za malata a kukhitchini, dikirani kaye, musagule. Paja mvula siinayambe, tiona mu Malichi. Koma mankhwala a maondo musasiye, amenewo ayi.

Khirisimasi yabwino. Mukapita kutchalitchi mukayatse kandulo imodzi yowonjezera.

Herlinda

20 Januwale 2004

Amayi,

Moni kwa inu ndi onse. Ndili bwino. Pepani ndachedwa kulemba, ndikafika kunyumba ndimangogwera pabedi ndi masokosi omwe.

Ndachita manyazi sabata ino. Mtsikana wina anadwala, ndiye anandisamutsira pa Nambala 2 masiku atatu, imodzi mwa malifiti atsopano a kampani ya ku Ulaya ija. Kumeneko mpando ukafika pansi umasiya chingwe wokha n'kumayenda pang'onopang'ono ngati nkhalamba pamsika. Anandiuza kuti ntchito yanga ndi kuima ndi kuyang'ana basi. Ndinamva bwinobwino. Koma kunabwera mayi wina ndi mwana wamng'ono, ndipo manja anga anachita zimene anazolowera, ndinaugwira mpando n'kuukoka. Makina onse anaima. Belu linalira, anthu mazana akulendewera m'mwamba pamphepo, onse akuyang'ana pansi pamene ndinali.

Araceli anatuluka m'kanyumba koyendetsera makina akuseka mpaka kugwira m'mimba. Anati, "Iwe mkazi wa Bulu, kuno sitigwira. Manja m'thumba, mano panja, amatilipira zomwezo."

Kunabwera makaniko wina, sanayang'ane mpando, sanayang'ane chingwe. Anayang'ana kagalasi ka pabokosi la magetsi pamene panalembedwa 47, anadina mabatani awiri, makina n'kuyambanso. Ndinafunsa Araceli kuti 47 ndi chiyani. Anati ndiye kuti mipando yayandikana kwambiri, ndipo vuto lililonse lili ndi nambala yake, buku lonse lili m'kanyumbamo.

Masiku awiri otsalawo ndinapempha kudya nkhomaliro m'kanyumba. Ndagula kope. Ndikukopera nambala iliyonse, mawu a Chingerezi monga alili, kenako tanthauzo lake m'chiyankhulo chathu. Araceli amandithandiza akakhala ndi mtima wabwino, mawu ena ndimafunsa mayi wa ku laibulale. Ndajambulanso tizithunzi pambali. Ndikuganiza kuti Bambo akaona zinthuzi m'chiyankhulo chathu aona kuti ndi zomwe akudziwa kale.

Maribel, nkhumba ija musagulitse kwa amalume Onésimo, amatsitsa mtengo akaona kuti mulibe mwamuna pakhomo.

Herlinda

10 Febuluwale 2004

Okondedwa Amayi,

Ndasangalala kumva kuti khofi wabereka bwino ndiponso kuti mwayamba kuyenda opanda ndodo. Kuno tili moyo. Sinowo wagwa masiku asanu ndi limodzi osalekeza, m'mawa uliwonse timayamba ndi fosholo tisanayatse makina. Mukaona zilembo zapendama musadabwe, dzanja lamanjali likuchedwa kumva. Ndi kuzizira chabe. Phewanso, koma onse a pa Bulu amatero.

Kope lija ladzaza, manambala alipo makumi asanu ndi atatu kudza anayi. Poyamba Bambo anakana kuliyang'ana, anati iwo si mwana wa sukulu. Ndinalisiya pampando wa m'galaja. Patapita masiku awiri ndinawapeza agula magalasi a maso a madola asanu ndi atatu ku famase. Amawavala pokhapokha tikakhala awiri.

Timaphunzira Lachiwiri kochapira zovala, makina akamazungulira. Ndimatchula nambala, iwo amanena vuto. M'chiyankhulo chathu salakwa, Amayi, amandiuzanso zimene bukulo silinanene, chimene chimayambitsa ndi mmene chimamvekera chisanathyoke. Koma ndikaphimba mbali yathu n'kuwaonetsa Chingerezi chokha, amayang'ana nthawi yaitali. Mawu a kampaniyi si amene amagwiritsa ntchito m'galaja. Chinthu chimene iwo ndi a Dwayne akhala akuchitcha dzina lina zaka zonsezi, m'bukumo chili ndi dzina lalitali la mawu atatu.

Lero anakwiya. Anaponya pensulo pansi nati makina amene amafuna munthu awerenge asanawagwire ndi makina a anthu opanda makutu. Kenako anaitola okha, anaisongola ndi mpeni wawo, n'kunena kuti tiyambirenso pa 30. Sindinawaonepo akuchita manyazi pamaso panga. Ndinkangoyang'ana zovala zikuzungulira.

Pafoni mwachita bwino, sanadziwe kanthu. Pitirizani choncho.

Ndatumiza kangachepe dzulo. Muchotsepo za nsapato za Maribel, zotsalazo musunge, musabwereke munthu.

Mwana wanu,
Herlinda

2 Malichi 2004

Amayi,

Moni. Tili bwino m'thupi.

Mayeso anachitika Lachisanu. Ine sindinaliko, ndinali pa Bulu. Zimene ndikulembazi ndamva kwa makaniko amene analipo, zina kwa Araceli.

Analipo magawo awiri, la pepala ndi la pamakina. Za pepala sindikudziwa, Bambo anangoti analemba. Gawo la pamakina linachitikira pa Nambala 2 m'mawa alendo asanabwere. Woyesa anachokera kukampani ija. Anawaimika pabokosi la magetsi kuti iye aziyambitsa mavuto abodza, Bambo aziwerenga nambala n'kunena chochita. Awiri oyamba anakhoza. Kenako akuti Bambo anapendeketsa mutu n'kunena kuti gudumu lina pamzati woyamba likulira. Woyesa anayang'ana kagalasi nati palibe vuto lililonse, apitirize. Bambo anabwereza. Iye anati apitirize.

Bambo anaimitsa makina, anatuluka, anatenga ndodo yawo n'kukwera mzati.

Gudumulo linalidi loonongeka mkati, analisintha tsiku lomwelo. Koma lamulo la kampaniyo ndi lakuti munthu asanakwere amangirire loko wake pa switchi ndi kulemba dzina papepala, kuti wina asayatse iye ali m'mwamba. Lamulolo lili m'kope mwanga, patsamba loyamba, ndinalilemba ndi zilembo zazikulu. Koma pa Bulu sitichita choncho. Bambo amangondiuza kuti ndakwera, usakhudze, ndipo ine sindikhudza. Zaka khumi ndi zitatu akhala akukwera ndi mawu okha. Akuti woyesa anathamanga kukaima kutsogolo kwa switchi manja atatambasula, nkhope itayera.

Pomaliza anawagwira chanza, anawathokoza chifukwa cha gudumu, anawapatsa kapu yolembedwa dzina la kampani. Zotsatira akuti zibwera pakatha masabata atatu.

Madzulo ake ndinawapeza m'galaja akupukuta masipanala. Anati zayenda bwino, n'kundionetsa kapu. Ndinati ndi yokongola. Kope anati analiiwala patebulo la mayeso, ndikalifunse kwa a Dwayne. Sindinapitebe, ofesi imandiopsa.

Lachiwiri likubwerali akakuuzani pafoni za gudumu, muwayamikire. Analidi olondola.

Herlinda

23 Malichi 2004

Amayi,

Ndikhulupirira muli bwino. Kalatayi ikhala yaifupi.

A Dwayne anandiitana ku ofesi Loweruka, Araceli anabwera kudzamasulira. Kope langa linali patebulo. Akuti woyesa uja analitola, analiwerenga lonse, ndipo anafunsa kuti analemba ndani. Anapezamo malo awiri pamene ndinaika chizindikiro chofunsa chifukwa buku lawo linkanena zinthu ziwiri zosiyana. Akuti ndi zoona, bukulo ndi limene linalakwa.

Kampaniyo imapereka malo amodzi a maphunziro phiri likagula lifiti yatsopano. A Dwayne akufuna apereke dzina langa. Ndiye kuti ndikhala kuno chilimwe chonse, ndithandize pomanga yatsopano pamalo pa Bulu, ndiphunzire Chingerezi madzulo ku laibulale, mayeso mu Seputembala. Malipiro ndi okwererapo.

Ndinali nditakonza funso limodzi m'Chingerezi, ndinaliloweza usiku wonse wa Lachisanu, ndipo ndinalifunsa ndekha. Ndinati, nanga Bambo anga?

A Dwayne anayang'ana pawindo. Anati anayesetsa, anaimba foni kawiri, koma a inshuwalansi safuna kumva za makutu a munthu, amafuna pepala. Anati m'zaka zonse sanaonepo makaniko ngati Bambo. Anavula chipewa n'kuchivalanso. Mndandanda utuluka pa 5 Epulo ndipo dzina lawo mulibe.

Andipatsa mpaka tsiku lotseka phiri kuti ndipereke yankho. Potuluka Araceli anandikoka khutu nati ndikakana andimenya ndi fosholo, koma nayenso maso anali ofiira.

Kope lija ndinalembera Bambo, Amayi. Inu mukudziwa. Ndikawaona patali ndimalowa m'kanyumba.

Malata aja musagulebe.

Herlinda

13 Epulo 2004

Okondedwa Amayi,

Moni wa Pasaka kwa inu ndi Maribel. Ndamva kuti munakwanitsa kuyenda Njira ya Mtanda yonse ya Lachisanu Loyera, ndathokoza Mulungu. Ife tili bwino. Sinowo akusungunuka, paliponse ndi matope.

Phiri tinatseka Lamulungu. Alendo anabwera ambiri kudzatsanzikana ndi Bulu, ena atavala zoseketsa, ena ndi ana awo kudzawaonetsa pamene iwo anaphunzirira. Ndinagwira mipando mpaka folo koloko. Wina anandipatsa chokoleti.

Alendo atatha, Bambo anauza mnzawo kuti aime pa switchi, n'kunditenga kuti tikwere. Miyezi isanu ndakhala ndikukweza anthu, koma pampando umodzi ndi Bambo ndinali ndisanakhalepo. Tinadutsa mizati isanu. Iwo ankangomvetsera magudumu, pamzati uliwonse mutu umapendekeka wokha.

Kenako anati, "Dwayne wandiuza. Ukudikira chiyani?"

Ndinati sindingatenge malo awo.

Anati, "Malo anga ndi awa takhalapowa, mawa tikuwamasula. Ukakana iwe sapatsa ine. Apatsa wina amene gudumu lingamulirire m'khutu iye n'kumayang'ana galasi." Kenako anawonjezera, "Koma loko uzimangirira. Usatengere ine."

Ndinalira, mphepo inandithandiza kubisa. Pamwamba sitinatsike, tinazungulira n'kubwerera pansi. Dzulo m'mawa ndinapita ku ofesi ndekha, popanda Araceli, ndipo ndavomera.

Mipando ya Bulu akuigulitsa kwa anthu a m'tauni, madola mazana awiri umodzi, akuti amakaipachika pakhonde. Akuimasula ndi Bambo, chifukwa mabawuti ake palibe wina amene amawadziwa. Dzulo anamasula makumi anayi. Aliyense wobwera ndi galimoto amamuuza mbali imene mpando wake umapendekera. Lachisanu akhala atamaliza.

Anyamuka pa 20, afika kumeneko pa 24 ngati mabasi sachedwa. Abwera okha. Ine ndidzabwera mwina Okutobala, milungu iwiri yokha, ndikadzalemba mayeso. Malata tsopano gulani, ndidzatumiza kumapeto kwa mwezi, ndipo musaitane mmisiri. Asiyeni Bambo akhome okha, akamaliza muwapezere china chofuna kukonza, ngakhale chigayo cha khofi cha a Filemón chimene chija chimavuta. Asakhale pansi nthawi yaitali.

Akonza kale zodzakuuzani. Adzati atopa ndi chisanu, maondo sakufunanso mizati, ndipo asankha okha kupuma. Anandiyeserera dzulo kuti ndimve ngati zikumveka. Muvomereze, Amayi. Muwauze kuti munkafuna kale abwerere. Maribel, makalata onsewa uwaike m'chitini cha ulusi, Bambo satsegulamo.

Jekete lawo lantchito andisiyira. Ndi lalikulu, manja ndapinda kawiri.

Ndine mwana wanu,
Herlinda